Galasi la Che Amadu ndi munda wosalimidwa

"Watipha iwe Mbewe! Watiphera galasi, ndi mtima wako wapachalawu!"

Adakuwa choncho ndi Che Amadu, munthu amene zaka zonse tadziwana pa Dedza Boma adali asadanditchulepo kuti iwe. Tidali m'galimoto yawo pakati pa udzu ku Angoniya, m'dziko la Mozambiki. Kumsewu kudali bambo wa mwendo umodzi akukupiza ndodo yake m'mwamba, akufuula kuti munthu asayerekeze kutsika chifukwa pamene tidaimapo padali mabomba okwirira. Ine m'malo mokhala chete ndidayankha kuti, "Galasi ndi lanu, ine ndangokhala dalaivala." Ndi mmene ndilili.

Kuti mumvetse mmene anthu akuluakulu tidapezekera pamalo otero, ndiyambe kumbuyo. Ine ndine Mbewe wa ku Mphunzi. Sukulu ndidalekeza Fomu 4, ndidagwirako ukalaliki pakampani ina yocheka matabwa a paini, mpaka matipate atabwera ndidaganiza kuti tsopano munthu ungathe kuuza bwana wako zoona pamaso. Ntchito idathera pomwepo. Chiyambire apo ndimakonza mawailesi ndi mawaya a galimoto m'kashedi kuseri kwa msika. Che Amadu ali ndi sitolo ya zitsulo ndi zipangizo za njinga pamsewu waukulu. Mwana wawo wa ku Joni atawapezera galimoto, adanditenga ine kuti ndikaiyendetse pobwera, poti iwo maso adayamba kuchita chidima.

Popita tidakwera basi, ndipo za basiyo sindinena, kupatula kuti ndidafika mapazi atatupa. Galimotoyo tidaipeza ili chigalimoto chachimereka, chiwongolero kumanzere. Che Amadu sadayang'ane matayala kapena injini. Atalowa m'kati maso awo adakagwera pa galasi loonera kumbuyo, lija la pakati. Pakona pake pamawala timalembo tobiriwira: nambala yonena kutentha kwa kunja, ndi chilembo chonena kumene galimoto yaloza. N ndiye kumpoto, S kumwera.

"A Mbewe," adatero, "ichi ndiye ndagula. Galimotoyi ndi basela."

Msilamu akamaswali amayang'ana ku Maka, ndipo kwa ife kuno Maka ali chakumpoto. Che Amadu amayenda kwambiri kukagula katundu, ndipo amati adatopa ndi kufunsa alendo pamsewu kumene kuli kumpoto. Tsiku limenelo galasi lidalemba N pamene padalidi kumpoto, madala n'kuseka ngati mwana wopatsidwa suwiti.

Madzulo ake tidapakira. Kumbuyo tidaika machubu ndi matcheni a njinga. Padenga, chakutsogolo, pamwamba penipeni pa mitu yathu, tidaika malipenga awiri akuluakulu a zimkuzamawu amene adagulira mzikiti wa pa Boma, n'kuwaphimba ndi lona. Womanga chingwe ndidali ine, ndi manja angawa.

Tidanyamuka tambala woyamba atangolira. Tisadafike n'komwe ku Pitoliya ndidaona kuti galasi lalemba S, pamene ndi mwana yemwe akudziwa kuti wochoka ku Joni kupita ku Malawi amalowera kumpoto. Ndidawauza Che Amadu, koma sadandimvere. Pofika ku Mesina, kumene dzuwa limaotcha ngati lili nawe mlandu, nayo nambala ija idapenga. Idalemba -40.

"Ndiye kuti tikuzizidwa koma sitikudziwa?" adafunsa Che Amadu, atavula mzuli wawo kumutu n'kumadzikupiza nawo.

Pa boda ya Beitbridge tidapeza mzere wa malole woti mapeto ake osaoneka. Tidaima kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Ndi pomwepo pamene tidakumana ndi Mayi Nachisale a ku Linthipe, a geni ya mabulangete, amene basi yawo idawathawa ali kodinditsa pasipoti. Atamva tikuyankhula Chichewa adangoti, "Abale anga!" n'kuyamba kukwezetsa mabelo awo atatu osadikira yankho. Mabelowo adatseka zenera lonse la kumbuyo. Ndidakalipa, iwo adandipatsa nthochi.

Poti nthawi idalipo yambiri, ndidayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa bampala. Chopima kutentha ndi kanthu kakuda kochepa ngati nsawawa, kamakhala kutsogolo kwa redieta. Pulagi yake idali itachita dzimbiri lobiriwira, waya umodzi ukungolendewera. Ndidapala ndi lezala, ndidalumikiza, ndidakulunga ndi tepi. Nditaliza injini, galasi lidalemba 104.

"Mayo ine!" adakuwa Nachisale. "Madzi amawira pa handiredi. Ndiye kuti ife tapsa kale, tikungodikira mchere!"

Ndidawauza kuti kumeneko ndi kuwerenga kwa ku Amereka. Ndidadina kabatani ka pansi pa galasi osakasiya, nambala idatembenuka n'kukhala 40. Che Amadu adandigulira chakumwa chozizira, ndipo ndidayenda pabodapo mapewa ali m'mwamba ngati ndakonza ndege.

Idatsala kampasi. M'kabokosi ka kutsogolo mudali kabuku ka galimotoyo, ndipo kadanena momveka: dinani kabatani mpaka patuluke chilembo C, kenaka yendetsani galimoto mozungulira pang'onopang'ono pamalo opanda chotchinga, mpaka chilembo cholondola chibwerere. Ntchito ya mphindi zisanu. Vuto lidali malo. Ku Masvingo tidangofika n'kugona. Ku Harare galimoto n'zothithikana ngati mbuzi pamsika. Pa Mutoko ndidayesa pamalo omwetsera mafuta, koma nditangozungulira kamodzi mlonda adabwera ndi chibonga, akuganiza kuti ndaledzera. Tidatukwanizana, iye m'Chishona ine m'Chichewa, mpaka Nachisale adandikoka malaya. Idali nthawi ya dzinja, ndipo kuyambira ku Masvingo mitambo idatseka kumwamba. Dzuwa loti n'kutiuza mbali silidaonekenso.

Pa Nyamapanda tidagona m'galimoto kudikira geti, ndipo m'mawa mapepala a malipenga aja adatidyera theka la tsiku. Titawolokera ku Kuchamano, mbali ya Mozambiki, dalaivala wina wa lole wa ku Balaka adabwera pazenera langa.

"Achimwene, koyamba kudutsa kuno? Mukalowa uko, ngakhale kukodza muzikodzera pa tala. Nkhondo idatha, koma pansi sipadamve."

"Nanga ife amayi?" adafunsa Nachisale.

"Kuseri kwa tayala, mayi. Amunawa atseke maso."

Tidaseka tonse. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzanene kuti sindidauzidwe. Ndidamva ndi makutu angawa.

Msewu wopita ku Changara udandichotsa nthabwala m'kamwa. M'mbali mwake mudali mafupa a malole opsa, dzimbiri lokhalokha, mitengo itamera m'kati mwa makabini. Nyumba zambiri zidali zopanda madenga, makoma ali zibowo zokhazokha. Ife a ku Malawi nkhondoyi tidangoimvera pawailesi ndi kuiona m'maso mwa othawa amene adadzaza m'midzi mwathu. Ine ndidali ndisadaonepo khoma loomberedwa.

Pa Changara nthawi ya swala ya masana idakwana. Ndidaima pafupi ndi timasitolo. Che Amadu adayang'ana galasi, lidalemba S.

"Ngati mphuno yaloza kumwera, kumpoto ndi kumbuyo kwathu."

"Galasilo likunama, Che Amadu. Ndakuuzani."

"Makina a azungu sanama. Msewu ndi umene ukukhotakhota."

Adayala mkeka wawo kuseri kwa galimoto, atayang'ana kumene tidachokera. Dalaivala wa ku Balaka uja adali ataima pomwepo, nayenso Msilamu. Adadikira mwaulemu mpaka madala atamaliza, kenaka adagwada pambali pawo n'kunena motsitsa mawu, "Madala, pepani, mwaswalira ku Joni." Nkhope ya Che Amadu sindidzaiwala. Adatembenuza mkeka, adayambiranso, ndipo kuchokera apo mpaka ku Tete sadatsegule pakamwa.

Ku Tete tidadikira pamlatho wa Zambezi, galimoto zikuwoloka mbali imodzi imodzi. Nachisale adagula nsomba zouma zimene zidatinunkhira mpaka ku Dedza. Tidagona pa Moatize, udzudzu ukutiimbira. M'mawa mwake tidapatuka pa Musakama, kusiya msewu wa ku Mwanza, n'kuyamba kukwera mapiri a Angoniya.

Apa ndiye pamene padagona tsoka langa. Titakwera, mphepo idazizira, galasi lidatsika mpaka 19. Malambe adatha, kudayamba chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, kabichi. Amayi ogulitsa mapichesi m'mbali mwa msewu amaitana m'Chichewa chathu chomwechi. Nkhungu imatsetsereka m'mapiri ngati pa Mphunzi. Thupi langa lidangoti tafika kwathu, ndipo mawu a dalaivala uja adatsala kumalambe.

Chakumasana Che Amadu adatsegula pakamwa paja.

"A Mbewe, nthawi yakwana. Kumpoto ndi kuti?"

"Kumene tikupitaku, kapena chakumanja pang'ono."

"Kapena? Ndidakutengani ku Dedza kuti muzindiuza kapena? Munthu wa Fomu 4, kagalasi kakukanikani masiku anayi. Dzulo mwandichititsa manyazi pamaso pa mwana wamng'ono."

"Wakana kumva ndi ndani?"

"Asiyeni, madala," adalowererapo Nachisale ali kumbuyo. "Ena Fomu 4 yawo adaithera kumunda wa sukulu."

Ndidangoona chidima m'maso. Nthawi yomweyo kumanja kwa msewu kudaoneka malo athyathyathya, akulu ngati bwalo la mpira, udzu wofika m'mawondo. Mbali zonse kudali chimanga chobiriwira, koma apo pokha padalibe mzere ngakhale umodzi. Munthu wa ku Dedza, kumene timalima mpaka pakati pa miyala ya m'phiri, ndikadayenera kudzifunsa kuti dothi labwino chotere alisiyiranji dzinja lino. Sindidafunse. Ndidadina kabatani mpaka C adatuluka, ndidakhotetsa chiwongolero, n'kulowa.

"Mukufuna kumpoto? Ndikupatsani kumpoto lero lomwe!"

Ndidazungulira kamodzi, pang'onopang'ono monga mmene kabuku kadanenera. C sadasunthe. Ndidazungulira kachiwiri. Ndikuyamba kachitatu, cha pomwe ndidayambira kukhota polowa, ndidamva kukuwa. Bambo wina adali akudumpha pa tala ndi ndodo yoyendera, mwendo umodzi wa buluku atapinda n'kuumanga pabondo.

"Imani! Imani pomwepo! Muli pa mabomba!"

Ndidaponda buleki. Nachisale adagwira chitseko kuti athawe, ndidatembenuka n'kuwagwira mkono mwamphamvu moti adandionetsa zipsera titafika pa Dedza. Apo ndi pamene Che Amadu adanditchula kuti iwe, ine n'kuwayankha mwano uja. Injini yokha ndiyo imalira. Kutsogolo kwa galimoto, m'kati mwa udzu, ndidaona nthiti zoyera za mbuzi, mutu wake uli patali pawokha. Ndidali nditazilambalala kawiri konse osaziona.

"Aliyense asatsike!" adafuulanso bambo uja. "Adalaivala, mukundimva?"

"Ndikumva."

"Pamene matayala anu aponda polowa ndi pokhapo pabwino. Mubwerere chambuyo momwemo, osaphonya ngakhale chala. Ine ndiima pakati pa mizere yanu iwiri, ndikweza ndodo. Muziiona pakati pa galasi lanu."

Ndidakweza maso. M'galasi mudali mabelo a Nachisale ndi chilembo C chobiriwira, basi.

"Mayi," ndidatero, "zenera."

Mayi amene pa boda iliyonse amalondera mabelo awo ngati ana sadatsutse. Adatenga lezala langa, adadula chingwe cha belo la pamwamba, n'kuyamba kusolola mabulangete limodzi limodzi, kuwaponyera kutsogolo. Posakhalitsa Che Amadu adali atakwiririka m'mabulangete a zithunzi za akambuku mpaka m'khosi. Pamenepo adatulutsa manja, adatseka maso, adayamba kupemphera ali chikhalire. Chichokere ku Joni, aka kadali koyamba kupemphera osasamala kumene kudali kumpoto.

Kumbuyo kudatseguka kampata, ndipo ndidaona mizere iwiri ya udzu wogona, ndi ndodo itaima pakati. Ndidaika giya ya m'mbuyo. Mtunda wake sudapitirire mapazi makumi anayi, koma kwa ine udatalika kuposa mzere wa pa Beitbridge. Thukuta limalowa m'maso, galasi likunenabe kuti kunja ndi 19.

"Kumanzere pang'ono! Kumanzere kwanu, osati kwanga, bambo inu! Kodi mulibe makutu?"

Chibadwire munthu sadandikalipirepo choncho ine osabweza. Ndidangoti, "Chabwino, abambo."

Tayala lina lidakwera kachulu, galimoto idapendekeka, Nachisale adayambitsa nyimbo ya kumaliro n'kuilekeza pakati. Kenaka ndidamva matayala a kumbuyo akukwera tala, kenaka a kutsogolo. Ndidazimitsa injini. Nditatsika ndidangokhala pansi pamsewu.

Bambo uja adati dzina lawo ndi a Zuze. Adandilola kuti ndipume, kenaka adaloza ndi ndodo m'udzu, mapazi ochepa kuchokera pa tala. Padali chinthu chozungulira ngati chitini cha polishi wa nsapato, mvula itachikokolola dothi pamwamba. Pakati pa chinthucho ndi pamene tayala langa lidaponda, polowa ndi potuluka pomwe, padali mpata woti n'kuikapo chikhatho chimodzi.

Ndikuchita manyazi kulemba zimene zidatsatira. Mantha atangotsika, mtima uja udabwerera. Ndidaimirira n'kuyamba kukalipira munthu amene adangotipulumutsa.

"Nanga bwanji osaika chizindikiro? Anthu inu mukufuna kupha alendo?"

A Zuze sadakwiye. Adapatula udzu wa m'mphepete mwa msewu ndi ndodo yawo. Padali mwala, patsogolo pake wina, patsogolonso wina, mzere wonse. Pamwala uliwonse padatsala timadontho ta utoto tosaoneka bwino.

"Chizindikiro ndi ichi. Adapaka utoto wofiira, mvula yapita nawo. Ochotsa mabomba adati abwera, tikudikirabe. Eni mudzi tikudziwa, ndi ana omwe. Mwendo wangawu ndidausiya cha apo pali chitsa, mwezi womwe ndidabwerako kwanu."

"Kwathu?"

"Ku Malawi. Tidakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa Mphunzi, pothawa nkhondo. Mukupadziwa?"

Ndidati ndikupadziwa. Sindidawauze kuti ndi kwathu kwenikweni, kapena kuti zaka zimenezo ine ndi amene ndimathamangitsa othawa nkhondo m'mabulugamu a mayi anga, ndikuwalanda nkhwangwa ndi kuwauza kuti abwerere kwawo. Mmodzi wa iwo adabwereradi. Ndidayang'ana buluku lopindalo.

Nachisale adasankha bulangete lalikulu koposa n'kuwakoleka paphewa. Che Amadu adawagwira dzanja ndi manja awiri nthawi yaitali, kenaka adafunsa kumene kudali kumpoto. A Zuze adaloza ndi ndodo, madala adayala mkeka pa tala pomwepo.

Pa boda ya Kalomwe sindikukumbukira kuti adadinda chiyani. Nachisale tidawasiya pa siteji ya minibasi za ku Linthipe. Potsika adandisuzumira pazenera n'kunena kuti, "Achimwene, safunsa adadya phula. Inu mukadatidyetsa tonse." Kunyumba akazi anga adafunsa kuti ndayenda bwanji. Ndidati bwino. Chakudya chidabwerera kukhitchini mmene chidabwerera.

M'mawa mwake ndidalawirira kusitolo kukatsitsa katundu. Ndidakwera padenga la galimoto, ndidachotsa lona, ndipo nditawerama kuti ndimasule chingwe, sikuludilaiva idatuluka yokha m'thumba la malaya n'kukakakamira kumbuyo kwa lipenga. Kuichotsa kudafuna mphamvu. Maginito. Lipenga lililonse lili ndi maginito wamkulu ngati mbale, ndipo ine wokonza mawailesi, amene ndimagwira maginito tsiku ndi tsiku, ndidawamangirira awiri pamwamba penipeni pa kampasi. Ndikadazungulira m'munda uja mpaka Khirisimasi, C sakadasuntha.

Ndidawauza Che Amadu osabisa kanthu. Adayang'ana malipenga, adayang'ana ine.

"Malipenga a mzikiti ndi amene andiswalitsa ku Joni?"

"Womanga ndine."

Adangokhala pa thumba la simenti n'kumagwedeza mutu.

Titatsitsa malipenga ndidapita nawo pabwalo la mpira, pamene ana amathamangapo tsiku lililonse. Ngakhale zidali choncho ndidayamba ndatsika, n'kuliyenda ndi mapazi bwalo lonse, maso ali pansi, anthu opita kumsika akundiyang'ana. Kenaka ndidadina kabatani, ndidazungulira kawiri, C adachoka. Ndidalozetsa galimoto kumene mzikiti wa pa Boma umayang'ana. Galasi lidalemba N.

"Basi, a Mbewe," adatero Che Amadu. "Ntchito mwatha."

Ndidati yatsala. Titabwerera kusitolo ndidalowa kuseri kwa kauntala, ndidatenga chitini cha utoto wofiira ndi burashi, ndidapempha makiyi. Sadandifunse kumene ndimapita. Adangoti, "Tengani ziwiri."

A Zuze ndidawapeza akusema mpini pakhonde. Tidayambira kumapeto kwa munda, iwo patsogolo akupatula udzu ndi ndodo, ine pambuyo ndi chitini. Miyala ina idali m'mphepete mwa tala penipeni, ina idali phazi limodzi m'kati. Pamwala uliwonse, ndisadasunthe mwendo, ndimayamba ndafunsa, "Abambo, apa ndingaponde?"